Fadila Wasamukanso

Kawinga, Machinga
9 Malichi 2022

Asalamu alaikum achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumeneko ku Debeni. Kuno tilipo, kupatula mapasa anga amene akutsokomola. Kalatayi ndapatsira Che Mohamedi, aja amakutengerani katundu, chifukwa foni pakhomo pano ndi ya alamu anu, Che Uladi, ndipo nkhani iyi sindingathe kuiyankhula iwo atakhala pambali panga.

Ndi nkhani ya Fadila, mwana wa malemu chemwali athu Ayisha. Mukudziwa kuti titaika maliro chaka chatha bambo ake anamutenga. Mwezi wa Januwale bambowo anapita ku Mozambiki ndi mkazi wina, mwana n'kumusiya kwa neba, akuti abwera pakatha sabata. Mpaka lero sanabwere. Nebayo atatopa, Fadila anayamba kukhala pamsika pa Ntaja, kumadya zimene apatsidwa ndi ogulitsa. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, achimwene. Ine sindinadziwe chilichonse mpaka tsiku limene anagwa pakati pa msika, thovu lili kukamwa. Mwanayu ali ndi khunyu. Ayisha ankadziwa, koma ankabisa, mankhwala ankakamutengera mwakachetechete.

Anthu anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo achipatala anaitana mayi ena a kuofesi yoona za ana ku boma, dzina lawo a Dailesi. Anabwera kuno pa njinga yamoto kudzafunsa ngati ndingamutenge. Ine mumtima ndinali nditavomera kale, koma Che Uladi anakana pamaso pawo. Akuti malovu a munthu wakhunyu akangokhudza mapasa, nawonso ayamba kugwa. A Dailesi anafotokoza bwinobwino kuti matendawa sapatsirana, koma alamu anu anangonyamula khasu n'kupita kumunda mlendo akuyankhulabe.

Choncho anamupezera banja lina ku Liwonde, anthu amene analembetsa kuofesiko kuti akhoza kulera mwana wosakhala wawo. Anakhalako masabata asanu okha. Tsiku lina anagwa pamaso pa alendo awo, ndipo mmawa mwake anamubweza kuofesi, zovala zake zili m'jumbo.

Pano ali ku Balaka, dera la Nsamala, kwa mayi ena amasiye dzina lawo a Martina. Kale ankagwira ntchito yokolopa m'mawodi kuchipatala, ndiye matendawa sawaopa. Masiku ano amasoka zovala pakhomo. Koma ndikuuzeni poyera, ndi Akatolika.

Inu ndinu mwinimbumba, sindikufuna kuti mudzamve kwa anthu. Ndiyankheni maganizo anu. Mukapeza kangachepe, mwanayu alibe nsapato.

Ndine mlongo wanu,
Asiya

Debeni
2 Epulo 2022

Waalaikum salamu Asiya,

Kalata yako ndinalandira Lachisanu titatuluka kumzikiti. Ndinaiwerenga nditakhala kuseri kwa shopu ya matayala imene ndimagwirako ntchito, ndipo tsiku limenelo chakudya chinandikanika. Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno Ayisha anandiperekeza mpaka pamsewu, Fadila ali kumsana. Za khunyuzo sanandiuzepo ngakhale kamodzi.

Alamu sindiwadzudzula, aliyense amaopera ana ake. Ine kuno ndimagona chipinda chimodzi ndi anzanga anayi, mapepala anga anatha kalekale, ndikabwera kumeneko sindidzalowanso kuno. Ndiye mwanayo akhale kaye kwa mayiwo. Ndati akhale kaye, Asiya, sindinati tamupereka. Zinthu zikandiyendera, Inshallah, tidzaona chochita ngati banja.

Ukawauze mayiwo kuti ndathokoza, koma adziwe kuti mwanayo ndi Msilamu. Asamudyetse nkhumba, ndipo asaiwale swala, mapemphero athu. Nsapato ndapatsira Che Mohamedi, saizi ndangoyerekeza. Uzipitako kukamuona, ndipo uzindiuza zonse.

Ndine mchimwene wako,
Zubairu

Kawinga, Machinga
20 Meyi 2023

Asalamu alaikum achimwene,

Pepani kuti ndatha chaka osalemba. Mvula ya mu Malichi inatigwetsera khoma limodzi ndi denga lonse, moti mpaka pano tonse anayi tikugona m'khitchini. Chimanga chambiri chinapita ndi madzi. Inu muli bwanji? Che Mohamedi akuti mwaonda.

Sabata yatha ndinapeza mpata wopita ku Balaka. Ndinatsika minibasi n'kukwera kabaza mpaka kumudzi kwa a Martina. Pakhonde panakhala mtsikana akusokerera mabatani pa yunifolomu, ndipo ndinamupatsa moni ngati mwana wa eni ake. Anali Fadila. Wanenepa, achimwene, watalika, nkhope yonse ndi Ayisha. Ali Sitandade 3.

Kuyambira Ogasiti sanagwepo. A Martina amamupatsa mapilitsi mmawa ndi madzulo, akamwa amachonga pa kalendala imene ili pafupi ndi chitseko. Tsiku la kuchipatala amasiya zosoka n'kupita naye okha. Za nkhumba zija musadandaule. Anali nazo ziwiri m'khola, anazigulitsa sabata imene Fadila anafika, m'kholamo muli mbuzi. Akaweruka kusukulu amapita kumadrasa pa mzikiti umene uli kutsidya kwa msewu. Anandiwerengera pemphero la Fatiha lonse osaphonya.

Chimene chinandipweteka n'chimodzi. Atandizindikira anataya singano n'kuthawira m'nyumba, chitseko n'kutseka. A Martina anamunyengerera nthawi yaitali. Atatuluka anagwada patali n'kundifunsa kuti, "Mwabwera kudzanditenga?" Ndinati iyayi, ndangobwera kudzakuona. Pamenepo m'pamene anasendera n'kundigwira dzanja.

Mayiwo amawatchula kuti amayi. Nditamva koyamba ndinafuna kukwiya m'malo mwa Ayisha. Koma ndinakhala pamenepo mpaka masana, ndikuona mmene amamupesera tsitsi, mmene amamukalipira akasiya lumo pansi, ndipo mkwiyo sunabwere. Pobwerera anandipatsa tizovala tiwiri ta mapasa timene anasoka ndi nsalu zotsala.

Ndine mlongo wanu,
Asiya

Nsamala, Balaka
6 Ogasiti 2023

Okondedwa Bambo Zubairu,

Landirani moni wa mtendere. Simundidziwa, koma dzina lanu limatchulidwa kawirikawiri m'nyumba muno. Ndine Martina, amene ndikulera Fadila. Kalatayi ndaimata n'kuitumiza kwa a Asiya kuti akupatsireni.

Fadila ali bwino. Mayeso a teremu ino wakhala nambala 7, ndipo akupita Sitandade 4. Wayamba kupalasa makina, mzere wake ndi wowongoka kuposa wa ine ndili msinkhu wake.

Ndili ndi pempho, ndipo ndatha miyezi ndikuopa kulilemba. Mapepala amene anandipatsa a kuofesi ndi a kulera kwa kanthawi. Nthawi ndi nthawi amabwera kudzaona ngati mwana apitirize kukhala kuno. Ndi ntchito yawo, sindikudandaula. Koma Fadila akangomva njinga yamoto ikukhotera kuno amasiya chilichonse n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku lotero sadya. Ine ndili ndi zaka 58, ndili ndi bipi. Ndikufuna tipite kukhoti kuti akhale mwana wanga weniweni, alembedwe pa dzina la pakhomo pano, kuti pasadzapezeke womusuntha. Ndikadzafa, nyumbayi idzakhale yake pamodzi ndi mwana wanga Brighton amene ali ku Lilongwe. Andiuza kuti zimenezi sizingatheke popanda chilolezo cha abale, ndipo mwini wake ndinu.

Lamulungu ndimapita naye kutchalitchi chifukwa sindingamusiye yekha pakhomo ndi matenda akewa. Wazolowera, nyimbo zina amaimba nawo. Ndaikamo chithunzi chimene tinajambulitsa mwezi watha kuti muone mmene wakulira. Diresi loyeralo ndinasoka ndekha, ndipo tsiku limenelo aliyense anamuyamikira.

Ndidikira yankho lanu. Mulungu akusungeni kumene muliko.

Ndine,
Martina

Debeni
1 Sepitembala 2023

Asiya,

Moni ndikukupatsa, koma mtima wanga suli m'malo.

Kalata yomata ija ya mayi a ku Balaka ndaiwerenga katatu. Iwe unandiuza za madrasa ndi za Fatiha. Za tchalitchi unandibisiranji? M'katimo munali chithunzi. Mwana wa Ayisha waima pakhomo la tchalitchi, diresi loyera, kumutu kopanda mpango, maluwa m'manja. Ndinaonetsa anzanga a m'chipinda. Che Sufiyani, amene anakulira pafupi ndi mishoni, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti umu ndi mmene amawavekera tsiku la ubatizo. Kenako wina anandifunsa ngati kwathu kulibe anthu.

Amubatiza kale, pano akufuna kumufufuta dzina kukhoti. Anayamba ndi kumudyetsa bwino kuti tigone tulo. Ine tsiku la chiweruzo Ayisha akadzandifunsa za mwana wake, ndidzayankha kuti chiyani? Kuti ndinali kukonza matayala?

Ndaimbira Che Uladi. Tagwirizana kuti ndiwatumizire malata ofolerera nyumba yanu ija, ndipo iwo avomera kuti Fadila abwere azikhala nanu. Ndaimbiranso a Dailesi, ndawauza kuti abale a mwana tilipo ndipo tikumufuna. Akadzakuitanani kuofesi, iwe usakatsutse amuna ako, usakatsutse ine. Mayiwo sindiwayankha.

Zubairu

Kawinga, Machinga
24 Sepitembala 2023

Achimwene,

Chonde imani kaye. Kalata yanu itangofika ndinanamiza Che Uladi kuti ndikupita kukaona odwala, n'kukwera minibasi ya ku Balaka.

Sunali ubatizo. Unali ukwati wa mwana wa neba wawo, ndipo Fadila anali mmodzi mwa ana anayi onyamula maluwa. Zithunzi zinazo ndaziona ndi maso angawa, mkwatibwi alimo. Ndinawoloka msewu kukayankhula ndi shehe a pamadrasa paja, akuti mwanayo sajomba. A Martina akuti dzina la Fadila sankafuna kulichotsa, chipembedzo chakenso ayi. Nditawauza mmene mwamvera analira. Akuti nkhani ya kukhotiyo iiwalike, sadzaitchulanso, bola mwana asasunthe.

Che Uladi avomera chifukwa cha malata, osati chifukwa cha mwana. Ine ndimakhala nawo, ndikuwadziwa. Dzulo lomweli amandifunsa ngati pakhomo pano pali mbale yakale yoti izikhala ya mlendo ameneyu yekha.

Imbirani a Dailesi mubweze mawu anu. Msonkhano waikidwa pa 30 Okutobala. Kalatayi ndakasiya ndekha kunyumba kwa Che Mohamedi, akuti anyamuka sabata yamawa, ndiye ikupezani nthawi ikadalipo.

Ndine mlongo wanu,
Asiya

Kawinga, Machinga
5 Novembala 2023

Achimwene,

Zimene munafuna zachitika. Fadila ali kuno.

Mwezi wonse ndinadikira kuti mubweza mawu, simunatero. Kumsonkhano kuja Che Uladi anakuimbirani n'kuika foni patebulo. Munali pantchito, makina akulira kumbuyo kwanu. Munangoti mwana abwerere kwa abale ake, palibe zokambirana, foni n'kuduka. Pamenepo ndinadziwa kuti kalata yanga munaiwerenga koma simunandikhulupirire.

A Dailesi anafunsa Che Uladi katatu ngati mantha aja anatha, iwo analumbira kuti anatha. Anatenga Fadila kukayankhula naye payekha, atatuluka anati mwana sanayankhe kanthu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndikugwirizana nazo. Amuna anga anali pambali panga, mawu anu anali asanazizire patebulo paja. Ndinati eya. Limeneli ndi tchimo langa, sindikukankhirani inu.

A Dailesi anawauza a Martina kuti ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Iwo anati sangalimbane ndi eni mbumba, mwana angadzakule akudziwa kuti amalume ake anakokeredwa kukhoti chifukwa cha iye.

Patatha masiku awiri ndinapita kukamutenga. Ndinapeza atamulongedzera kale sutikesi: madiresi, makope, mapilitsi a miyezi iwiri, ndi pepala limene analembapo nthawi zomwera mankhwala ndi zoyenera kuchita akagwa, zoti tizimugoneka chammbali ndipo tisamamuike supuni m'kamwa. Anandiwerengera pepalalo kawiri. Ndinkayembekeza kuti Fadila athawa kapena alira, koma anangoima pakhonde atavala kale nsapato. Anafunsa a Martina kuti, "Ndalakwa chiyani, amayi?" Iwo anati sunalakwe kanthu. Anafunsanso kuti, "Nanga si kugwa kuja ndinasiya?" A Martina analowa m'nyumba, sanatulukenso mpaka tinanyamuka.

Ulendo wonse kuchokera ku Balaka mpaka ku Ntaja ankangoyang'ana pawindo. Pa Liwonde ndinamugulira mandasi, anawagwira m'manja mpaka tinafika kunyumba.

Malata anafika, nyumba yafoleredwa. Alamu anu akuthokoza.

Asiya

Debeni
10 Febuluwale 2024

Asalamu alaikum Asiya,

Makalata ako awiri ndawalandira tsiku limodzi, dzulo. Galimoto ya Che Mohamedi inachita ngozi ku Tete mu Okutobala, iwo anathyoka mwendo n'kukachirira kumudzi kwa makolo awo, chikwama cha makalata chinangokhala miyezi inayi, ya Novembala nayo n'kumangowadikira kunyumba kwawo. Ndinayamba kuwerenga ya Novembala, sindinamve chimene umatanthauza. Kenako ndinatsegula ya Sepitembala.

Tsiku la msonkhano ndinali ndisanaione, Asiya. Ndikulumbira pa dzina la Allah.

Ndinatulutsa chithunzi chija n'kuchiyang'ananso. Kumbali kwake kukuoneka mkono wa mwana wina wovala diresi lofanana, nayenso ali ndi maluwa. Miyezi yonseyi chili m'chikwama mwanga, mkonowo sindinauone.

Ndikaimbira Che Uladi amangoti aliyense ali bwino. Ndikati ndiyankhule ndi iwe kapena Fadila amati muli kumunda. Ndiuze zoona. Mankhwala akumwa? Sukulu akupita?

Ndine mchimwene wako,
Zubairu

Kawinga, Machinga
17 Malichi 2024

Achimwene,

Mwati ndikuuzeni zoona.

Nyumba itafoleredwa ife tinalowa, Fadila anatsala m'khitchini muja tinkagonamo. Che Uladi anamupatsa mbale yake ndi kapu yake, n'kuletsa mapasa kusewera naye. Iwo akachokapo ndinkadya naye limodzi, koma mwanayo anali atazolowera kale, ankanyamula mbale yake n'kukakhala payekha.

Mapilitsi anatha kumayambiriro kwa Januwale. Kuchipatala chathu chaching'ono kunalibe, anati ndipite ku boma. Mtsinje unali utasefukira, ndipo utaphwera Che Uladi anati ino ndi nthawi yopalira, si yoyendayenda. Anayambanso kugwa. Anagwa pamjigo, amayi onse anathawa kusiya zidebe. Anagwa m'kalasi, anzake anayamba kumutchula mayina, ndipo anasiya sukulu. Kumadrasa kuno anapitako masiku awiri okha, makolo a ana ena anadandaula. Kwa Akatolika kuja ankapita tsiku lililonse, achimwene.

Kumapeto kwa Febuluwale mmodzi wa mapasa anadwala, thupi linatentha mpaka anakomoka n'kumagwedezeka. Kuchipatala anati ndi malungo basi, ndipo pano wachira. Koma Che Uladi anandisiya ine kuchipatalako n'kubwerera kunyumba, anakaponya sutikesi ya Fadila pabwalo, akuti zimene ankanena zija zachitika, asamupezenso pakhomo. Nditabwera mmawa mwake ndinapeza sutikesi ili pompo, itanyowa ndi mvula, mwini wake palibe.

Anapezeka patatha masiku atatu pafupi ndi mlatho wa ku Liwonde, mapazi atatupa, mlomo utang'ambika chifukwa anagwa panjira. Amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi amene anapita naye kupolisi. Anawauza kuti akupita kwa amayi ake ku Balaka, amangofuna kuti amulozere njira.

Pano ali m'chipatala. Ndinapita kukamuona, anatembenukira kukhoma. A Dailesi ndinawapeza komweko. Sanandikalipire, ndikanakonda akanatero. Angoti kuno mwanayu sabwereranso. Ndinawafunsa za a Martina, akuti ku Nsamala anapitako, m'nyumba muja muli anthu ena, mayiwo anasamukira ku Lilongwe kwa mwana wawo. Adiresi ndalemba kuseri kwa pepalali. Alembereni inuyo. Ine manyazi andigwira, sindingathe.

Asiya

Debeni
3 Epulo 2024

Mayi Martina,

Ndine Zubairu, malume wake wa Fadila, amene sindinayankhe kalata yanu. Iyi ndapatsira mnzanga amene akupita ku Lilongwe.

Ndinalakwa. Ndinaona chithunzi cha ukwati n'kuganiza kuti mwamubatiza, ndipo sindinakufunseni ngakhale funso limodzi. Fadila anathamangitsidwa kwa alamu anga. Anayenda pansi masiku atatu kufunafuna inu, pano ali m'chipatala ndipo alibe kolowera.

Chilolezo chimene munapempha chija ndikupereka. Ndisayina paliponse pamene munganene, dzina lililonse limene mungafune. Mutengeni, mayi, ndagwira mwendo wanu. Ndikhululukireni.

Zubairu

Lilongwe
28 Epulo 2024

Bambo Zubairu,

Kalata yanu yafika. Iyi akundilembera mayi ena a mumpingo mwathu, chifukwa dzanja langa lamanja siligwiranso.

Patangotha mwezi Fadila atapita ndinagwa ndili pa makina. Akuti ndi sitiroko. Sindikunena kuti ndi inu, bipi ndinali nayo kale. Kungoti mapilitsi anga ndinkamwa nthawi imodzi ndi ake, ankandikumbutsa ndi iyeyo, ndipo atachoka ndinkaiwala. Brighton anabwera kudzanditenga. M'nyumba muja anaikamo anthu a lendi, makina anagulitsa. Kuno ndimagona pabalaza, ngakhale kusamba amachita kundisambitsa apongozi anga, akazi a Brighton.

Ndinawapatsa kalata yanu kuti awerenge, ndipo ndinawapempha ndikulira. Akuti wodwala mmodzi wawakwanira, awiri sangathe. Sindingawadzudzule. Mwana atagwa pamaso panga lero, sindingathe ngakhale kumutembenuza.

Chilolezo chanu chafika, bambo, koma woti achilandire palibenso. Mwapempha kuti ndikukhululukireni. Ndikuyesetsa, masiku ena zimatheka.

Ndili ndi mapempho awiri. Musamuuze kuti ndakana. Mumuuze kuti ndikudwala, zimenezo si bodza. Ndipo kulikonse kumene angapite, muwauze kuti akatsala pang'ono kugwa amayamba kutafuna mlomo n'kumayang'ana malo amodzi. Akatero amukhazike pansi msanga. Zimenezi ndinaiwala kuzilemba papepala lija.

Ndine,
Martina

Balaka
14 Julayi 2024

Amalume,

Asalamu alaikum. Muli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Ndine Fadila.

Amayi aang'ono a Asiya anabwera dzulo ndi kalata yanu ndipo ndaiwerenga. Kuno ndi kunyumba yosungira ana. Anandibweretsa ndi a Dailesi mwezi wa Meyi. Tilipo ana 41. M'chipinda mwathu timagona atsikana 12, ine bedi langa ndi lapansi chifukwa cha kugwa. Mapilitsi ndikumwa. Mwezi uno ndagwa kawiri. Akuti Sitandade 4 ndibwereza.

Kuno ndi ku Balaka koma si kwathu kuja. Ndinafunsa amatironi ngati ku Nsamala n'kutali, anati si kutali koma amayi kulibeko, akudwala ku Lilongwe. Ndinafunsa ngati adzachira. Anati ndipite ndikasewere.

M'kalata mwanu mwati mwandilakwira. Mwatinso malo ano si abwino kwa mwana, ndiye mukufuna kulembera a Dailesi kuti andipezere banja lina labwino loti lizindilera.

Amalume, chonde musawalembere. Ku Liwonde anandibweza. Kwa amayi munandichotsa. Kwa a Uladi anandithamangitsa. Kuno palibe amene amandikonda kwenikweni, komanso palibe amene wanena kuti ndichoke. Ndikufuna ndingokhala pano.

Mukafuna kulemba, muzilemba za inuyo. Za ine musalembenso.

Ndine,
Fadila